Nyama zakutchire ndi nyanja yamchere pa ulendo umodzi: banja la ku Mzuzu liyambire pati?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Katoto, muno mu Mzuzu, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga ndalama kwa zaka zitatu kuti tidzatengere ana athu kutchuthi kunja kwa dziko lino. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 14, wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 9. Onse akufuna kukaona mikango ndi zipembere, koma mnyamatayo mtima wake uli pa kulowa pansi pa nyanja yamchere ndi botolo la mpweya kumsana. Tili ndi milungu iwiri m'mwezi wa Ogasiti. Bambo akuti tiyende pa galimoto yathu, tidzere ku South Luangwa, tikaone mathithi a Victoria, tilowe ku Kruger, tikathere ku gombe la Mozambique. Ine ndili ndi mantha, chifukwa mnyamatayo amadwala mphumu ndipo bambo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Iwo akuti ndisadandaule poti anawa amasambira bwino ku gombe la Chikale, ku Nkhata Bay. Kodi ulendowu ungatheke, nanga ngozi zake n'zotani?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Choyamba mtima ukhale m'malo, chifukwa chimene mukulakalakachi n'chotheka, ndipo ndaperekezapo mabanja ambiri a kuno kumpoto pa maulendo otere, ena mwa iwo ali ndi ana ochepa msinkhu kuposa anu, nabwerako ali bwinobwino. Mantha anuwo sindiwatenga ngati cholakwika. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikutsogolera alendo, ndaona kuti munthu wofunsa mafunso asananyamuke ndi amene amabweza banja lake kunyumba lili lamphumphu. Mwezi wa Ogasiti mwasankhanso bwino: udzu umakhala utauma, nyama zimasonkhana pa madzi ochepa amene atsala, udzudzu umachepa, kutentha kwa Okutobala kumakhala kusanafike, ndipo anamgumi amakhala akudutsa m'mbali mwa gombe la KwaZulu-Natal ndi la Mozambique. Anamondwe a mtundu wa Idai, amene anagumula mzinda wa Beira mu Malichi 2019, ndi Freddy wa 2023, amabwera pakati pa Novembala ndi Epulo, ndiye inu simukumana nawo.

Chimene sindikugwirizana nacho ndi njira imene bambo ajambula. Ndikumvetsa chifukwa chake: munthu akasunga ndalama zaka zitatu amafuna kuti aone zonse kamodzi. Komatu akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350. Kuchoka pamenepo kudzera pa chipata cha Mchinji ndi ku Chipata mpaka ku Mfuwe, polowera ku South Luangwa, ndi tsiku linanso. Kukafika ku Livingstone, kumene kuli mathithi a Victoria, kudzera ku Lusaka ndi masiku awiri, kenaka mudutse Zimbabwe kapena Botswana, mulowe South Africa, mutulukire ku Mozambique, ndiye mubwerere mtunda wonse wa kumpoto kudzera ku Tete. Pa masiku 14 aja, oposa theka mudzathera m'galimoto, ndipo pa chipata chilichonse galimotoyo idzafuna chilolezo chake cholowera, inshulansi yake ndi misonkho ya msewu. Ana akakhala m'galimoto masiku atatu motsatizana, ngakhale mkango utagona pa msewu sautembenukiranso kawiri. Bambo amene ali pa mankhwala a kuthamanga kwa magazi si oyenera kugwira chiwongolero maola khumi tsiku ndi tsiku m'misewu yachilendo. Malangizo anga ndi akuti musankhe nkhalango imodzi ndi gombe limodzi zoyandikana, mukakhale pamalopo masiku okwanira, ndipo musanapite muyambe mwaphunzirira kuno kwathu.

Ndikuti kuno kwathu chifukwa ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi umene anthu a ku Ulaya amaulipirira ndalama zambiri. Nkhalango ya Vwaza ili kuseri kwa Rumphi, mtunda woti mukanyamuka m'mawa Loweruka mumakadyera nkhomaliro pa gombe la Kazuni, ndipo Mmalawi amalipira pakhomo ndalama yochepa ya kwacha. Chaka china m'chilimwe ndinali kumeneko ndi banja lina la ku Chibavi. Tinakhala pa khonde kuyambira 2 koloko masana, tikungoona mvuu zikupumira m'madzi ndi njiri zikugwada podya, ndipo ana anayamba kudandaula kuti tibwerere. Cha m'ma 4 koloko anyani anasiya phokoso. Kenaka m'mitengo ya kutsidya munatuluka njovu yaikazi imodzi, inaima, inakweza chitamba kununkhiza mphepo, ndipo itakhutira inayamba kutsetsereka, pambuyo pake pakubwera mzere wa zinzake, ana ali pakati pa miyendo ya amayi awo. Mwana amene ankalira uja sanalankhulenso mpaka dzuwa linalowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndi bwino kuti ana anu aphunzire kudekhako ku Kazuni, kumene tsiku limodzi silikudyerani ndalama zakunja, kusiyana ndi kukaphunzirira kumene ola lililonse mukulilipira mu randi.

Dziwaninso kuti mikango ndi zipembere zilipo m'dziko muno. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyo mu 2003, linabwezeretsa zipembere zakuda chaka chomwecho ndi mikango mu 2012, moti lero muli njovu, njati, mkango, kambuku ndi chipembere. Ku Liwonde mikango inabwerera mu 2018, ndipo ulendo wa pa boti mu mtsinje wa Shire, pakati pa mvuu ndi ng'ona, sindinaupezere wofanana nawo m'mayiko ambiri. Ndikutchula izi kuti ngati ndalama zakunja zitavuta, musaganize kuti maloto a anawo afera pomwepo. Ku Nyika kokha ndingati mudikire kaye: mu Ogasiti kumazizira kwambiri usiku, ndipo kukongola kwake kwenikweni, kwa maluwa ndi magulu a ntchefu, chilembwe ndi mbidzi pa udzu wobiriwira, kumaoneka bwino mvula ikagwa.

Tsopano za kunja. South Luangwa ndi nkhalango imene ndimaikonda, makamaka chifukwa cha akambuku ndi maulendo oyenda pansi amene Norman Carr anayambitsa m'chigwa chimenecho, koma Zambia alibe nyanja yamchere, ndipo malo ambiri salola mwana wosafika zaka 12 kuyenda pansi m'tchire. Isungeni, mudzapite payokha chaka china pa tchuthi chachifupi, poti ili pafupi. Kruger, ya ku South Africa, ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 19,500, ili ndi misewu ya phula ndi nyumba zodziphikira, ndipo nzika ya dziko la mu SADC imalipira pakhomo mtengo wotsika kusiyana ndi mlendo wochokera kutali, bola ionetse pasipoti. Vuto lake kwa inu n'lakuti gombe labwino loyandikana nayo lili m'dziko lina, ndiye pamafunika kudutsa chipata cha Lebombo ndi Ressano Garcia, kusintha ndalama kachiwiri, ndiponso galimoto yobwereka siiloledwa kutuluka dziko popanda kalata ya eni ake. Ena a ku Mzuzu, amene anazolowera njira ya ku Songwe ndi Mbeya pokatenga katundu, adzakuuzani kuti mupite ku Dar es Salaam, ndipo sakulakwa, chifukwa msewu wakewo umadutsa m'kati mwa nkhalango ya Mikumi. Koma kumeneko zipembere simukaziona, ndipo anawo azitchula ndi dzina.

N'chifukwa chake kwa banja lanu ndikusankhirani kumpoto kwa chigawo cha KwaZulu-Natal, ku South Africa. Kumeneko nkhalango ya Hluhluwe-iMfolozi ndi gombe la iSimangaliso zatalikirana ulendo wa ola limodzi lokha pa galimoto. Mukwere ndege ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, mulumikize ina ya ku Durban, mubwereke galimoto yaing'ono, ndipo pa msewu wa N2 mukafika m'tauni ya St Lucia pakatha maola ngati atatu. Ngati ndege yakula mtengo, mabasi a ku Joni amene timawadziwa tonse, odzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, akhoza kukufikitsani, koma muwerengere masiku awiri kapena kuposerapo mbali iliyonse, ndipo mupatule tsiku lopuma mukafika. Mukapeza nyumba yodziphikira ku St Lucia, mukhoza kukhala pamalo amodzi masiku asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu osamanganso katundu, lero m'tchire, mawa kunyanja. Ufa wa chimanga umapezeka m'sitolo iliyonse kumeneko, ndiye nsima simukaisowa, ndipo kudziphikira kumachepetsa ndalama kwambiri.

Hluhluwe-iMfolozi inakhazikitsidwa mu 1895, ndipo ndi imodzi mwa nkhalango zotetezedwa zakale kwambiri mu Africa. Pa nthawi imeneyo zipembere zoyera za kumwera zinali zitatsala zosakwana 100, pafupifupi zonse m'dera limenelo, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Ian Player ndi anzake anayamba kuzigwira n'kuzitumiza kumalo ena, moti zipembere zoyera za kumwera zimene zili ndi moyo lero zinachokera ku kagulu kameneko. Muwauziretu ana kuti zambiri akazipeza zopanda nyanga. Kuyambira mu 2024 oyang'anira nkhalangoyo akhala akuzidula nyanga dala, pofuna kuti anthu opha nyama mozembera asazione phindu. Nyangayo imameranso monga chikhadabo. Za mikango ndisakunamizeni: ilipo, koma palibe munthu woona mtima amene angakulonjezeni kuti mudzaiona tsiku lakuti. Mwayi umakula mukafika pa geti likangotsegulidwa m'mamawa, ndiponso mukalipira ulendo umodzi pa galimoto ya wotsogolera alendo, poti iwo amauzana kumene yagona. Masiku enawo mudziyendetse nokha pang'onopang'ono.

Dzina loti iSimangaliso ndi la Chizulu ndipo limatanthauza chodabwitsa. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999. Kuchokera ku St Lucia mumayenda makilomita opitirira pang'ono 30 m'kati mwa nkhalango, mukuona ngoma, mbidzi ndi njati, mpaka msewu umakathera pa mchenga wa Cape Vidal, pamene mzere wa miyala umatchinga mafunde madzi akaphwera, ndipo ana amatha kuyandama ndi magalasi a kumaso n'kumaona nsomba zamawangamawanga. Pakati pa Juni ndi Novembala maboti ovomerezeka amatenga anthu kukaona anamgumi a mtundu wa humpback, amene amachoka ku madzi ozizira a ku Antarctica kudzaberekera ku madzi ofunda. Botilo limanyamukira pa gombe, likuwomba mafunde akuluakulu, ndiye mufunsiretu ngati mtsikana wa zaka 9 amaloledwa, ndipo bambo afunse dokotala wawo kaye. Akamba akuluakulu a m'nyanja amene amaikira mazira pa gombe limeneli simukawapeza, chifukwa nyengo yawo imayamba mu Novembala.

Ngati mtima wa bambo uli ku Mozambique ndithu, malo ake ndi Tofo, pafupi ndi Inhambane, kapena Vilankulo ndi zilumba za Bazaruto. Ku Tofo anthu amasambira pafupi ndi whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko, imene ilibe chochita ndi munthu poti imadya tizamoyo ting'onoting'ono tosefa m'madzi. Ku Bazaruto, kumene kunatetezedwa mu 1971, kudakali nyama yosowa yotchedwa dugong, yodya udzu wa pansi pa nyanja. Ndi malo okongola zedi. Koma njira ya pansi kuchokera kwathu kuno, kudzera ku Dedza kapena Mwanza, Tete, Chimoio ndi Inchope, ndi yaitali ndipo mbali zina za msewu wa EN1 ndi zokumbika. Chilankhulo ndi Chipwitikizi, malungo ndi ochuluka chaka chonse, ndipo zipatala zokhala ndi zipangizo zili kutali. Kumpoto kwenikweni, ku Cabo Delgado, kwakhala nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017, ndiye kumeneko musakuganizire n'komwe. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho zinatsekanso misewu ndi zipata kumwera. Ine ndingati Mozambique ikhale ulendo wanu wachiwiri.

Tsopano ndifike pa mawu a bambo akuti anawa amasambira bwino ku Chikale, chifukwa m'kalata yonse amenewa ndi amene andidetsa nkhawa. Mwana wokulira pa nyanja yathu ali ndi poyambira pabwino, koma chidaliro chakecho ndi chimene chimamuika pa ngozi. Nyanja ya Malawi, ngakhale mwera utakwiya, madzi ake sakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Nyanja yamchere imatero. Mwala umene munakhalapo m'mawa umamira masana, ndipo kusiyanaku kumakula mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukangooneka kumene. Mafunde ake ndi olemera, amanyamula munthu wamkulu n'kumumenyetsa pa mchenga. Choopsa kuposa zonsezi, choposanso shaki amene anthu amamuopa, ndi mkokomo wa madzi obwerera. Madzi amene mafunde akankhira ku gombe amafuna njira yobwererera, ndipo amadzikumbira ngalande yopapatiza imene imathamangira kukuya ngati mtsinje. Pamalo pamenepo mafunde saswekapo, madzi amaoneka akuda pang'ono ndi odekha, ndiye mlendo wosadziwa amasankha pomwepo poganiza kuti ndi pabwino kwa ana.

Ndinaziona ndi maso anga pa gombe lina la kumeneko. Mnyamata wina wa m'gulu langa, wobadwira m'mbali mwa nyanja yathu, wosambira kuposa ine, analowa madzi ofika m'chiuno pamalo odekha otere. Ndisanamalize kumuitana anali atapita mtunda wautali, nkhope yake ikuyang'ana kwa ife, manja akupalasa ndi mphamvu zonse koma thupi likunka chambuyo. Anapulumuka chifukwa wopulumutsa anthu anali pafupi ndi thabwa lake. Atafika pa mchenga miyendo inakana kumunyamula, ndipo anangoti, "Madziwa akukoka ngati munthu." Kuyambira tsiku limenelo sindilola aliyense kulowa m'madzi ndisanamuphunzitse izi, ndipo inunso muwaphunzitse ana anu mpaka azinena pamtima. Madzi akakukoka usalimbane nawo. Gona chagada uyandame, poti madzi amchere amanyamula thupi kuposa athuwa, kweza dzanja limodzi kuitana thandizo, ndipo ngati uli ndi mphamvu sambira chopingasa, motsata gombe, mpaka utuluke m'ngalandemo. Mkokomowo sumiza munthu pansi, chimene chimapha ndi kutopa ndi mantha. Ndipo kholo lisadziponye m'madzi chimanjamanja kutsatira mwana, chifukwa kawirikawiri amene amafa ndi wopulumutsayo. Pa magombe ambiri a ku South Africa bungwe lopulumutsa anthu pa nyanja la NSRI linapachika zoyandamitsa za mtundu wa pinki pa mitengo, mukafika muyambe mwaona pamene zili.

Sambirani pokhapo pamene pali opulumutsa anthu, pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu. Funsani nthawi imene madzi aphwere tsiku limenelo musanachoke pa nyumba. Musasambire mbandakucha, madzulo kwambiri, kapena pa mathiriro a mtsinje. M'nyanja ya kumtunda ya St Lucia, imene imathira m'nyanja yamchere, ndi pa mathiriro ake musaviikemo ngakhale phazi, chifukwa muli ng'ona ndi mvuu zambiri, ndipo mvuuzo usiku zimalowa m'tauni kudzadya kapinga, ndiye kukada muziyenda pa galimoto ngakhale mtunda uli waufupi. Pa miyala ana avale nsapato, poti pali tizilombo taminga. Mphepo ikamawomba kuchokera kunyanja, pa mchenga pamagwa tinthu tabuluu tooneka ngati timabaluni tokhala ndi chingwe chachitali, totchedwa bluebottle. Timaluma ngakhale titafa. Wina akalumidwa muchotse chingwecho osachigwira ndi dzanja, mutsuke ndi madzi a m'nyanja, kenaka muviike malowo m'madzi otentha amene khungu lingapirire. Akayamba kubanika kapena kutupa kumaso, thamangirani kuchipatala.

Za mnyamata wanu ndi botolo la mpweya, yankho langa ndi lakuti dokotala ndiye ayambe kulankhula. Mphumu siitsekera munthu aliyense khomo, koma pansi pa madzi ndi nkhani yaikulu. Mpweya wa m'botolo ndi wouma ndi wozizira, ndipo ukhoza kuutsa chifuwa. Munthu akamakwera kuchokera pansi, mpweya umene uli m'mapapo umafufuma, ndipo ngati njira zake zafinyika umasowa potulukira n'kung'amba phapo. Pitani naye ku Mzuzu Central Hospital kapena kwa dokotala amene amamuona nthawi zonse, munene momveka kuti akufuna kulowa pansi pa madzi ndi botolo, ndipo mupemphe kuti ayezedwe mphamvu ya mapapo. Sukulu yodalirika iliyonse idzakupatsani fomu ya zaumoyo. Musamulole kubisa mphumuyo pa fomupo, ndipo mukapeza mphunzitsi amene akuti zilibe kanthu, chokanipo. Dokotala akavomera, maphunziro oyamba akachitire ku Nkhata Bay, makilomita osakwana 50 kuchokera pano, m'madzi oyera opanda mafunde olemera a nyanja yamchere, pakati pa mbuna, pa masiku anayi kapena asanu. Satifiketi yake imagwira ntchito kulikonse, ndiye akadzafika ku Sodwana Bay, mbali ya kumpoto ya iSimangaliso, adzangophunzira za mafunde ndi mchere basi. Dokotala akakana, musamve chisoni kwambiri, poti magalasi a kumaso ndi kapaipi kopumira pamwamba pa madzi zimaonetsa zambiri ndithu. Mtsikanayo zaka zake sizinakwane, chifukwa satifiketi ya ana imayambira zaka 10.

Pali chinthu china chimene anthu a ku Mzuzu amachiiwala. Munthu akakhala pansi pa madzi, mpweya wa nayitirojeni umalowerera m'magazi, ndipo umafuna nthawi kuti utuluke. Akakwera msanga kumalo okwera, mpweyawo umachita thovu m'thupi monga botolo la chakumwa likatsegulidwa. N'chifukwa chake salola kukwera ndege pasanathe maola 18 mpaka 24. Koma si ndege yokha. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200, ndipo galimoto imakwera chitunda chonsecho pa ola limodzi. Choncho pa masiku a maphunzirowo mnyamatayo azigona ku Nkhata Bay komweko, ndipo mufunse mphunzitsi nthawi yoyenera kubwerera. Kumeneko ku South Africa tsiku lomaliza likhale lopanda kulowa pansi. Akamva kuwawa m'mfundo za mafupa, dzanzi, chizungulire kapena kufooka kwachilendo atatuluka m'madzi, musadikire kuti kuche, uzani mphunzitsi ndipo mupite kuchipatala nthawi yomweyo.

M'tchire malamulo ndi ochepa, ndipo ngozi zimene ndaziona zinabwera chifukwa wina anawanyozera. Musatsike m'galimoto kupatula pamalo ololedwa, ndipo mwana asatulutse mutu kapena dzanja pa windo. Njovu muipatse mpata, makamaka ya mwana, ndiponso yamphongo imene ikuchucha madzi m'mbali mwa mutu ndi m'miyendo yakumbuyo, chifukwa imeneyo ili pa nyengo yaukali. Muime patali, injini isazime, ndipo muonetsetse kuti kumbuyo kwanu kuli njira. Anyani ndi apusi musawapatse chakudya.

Pa za matenda, Mmalawi amaganiza kuti malungo anawazolowera, koma ana okulira m'tauni yozizira ngati ino alibe chitetezo chofanana ndi cha anzawo a kunyanja. Funsani dokotala za mankhwala oteteza, makamaka mukasankha Kruger kapena Mozambique, ndipo mumuuze mankhwala amene bambo akumwa kuti aone ngati sakutsutsana. Ku Vwaza ndi ku Luangwa kuli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zabuluu ndi zakuda, ndiye muvale zotuwa zamanja aatali ndipo mutseke mawindo podutsa m'mitengo yowirira. Wina akatentha thupi m'milungu itatu mutabwerako, kapena pamene analumidwa patuluka chilonda chowawa, kayezetseni malungo tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala kumene munali, chifukwa kaodzera wa kuno amathamanga ndipo poyamba amafanana ndi malungo. Chipatala cha boma cha Rumphi chimawadziwa bwino matendawa. Ku KwaZulu-Natal muzichotsana nkhupakupa madzulo aliwonse. Mankhwala a bambo ndi opopera a mnyamata mutenge opitirira masiku a ulendo, akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo mugule inshulansi ya paulendo imene yalemba poyera kuti imalipira matenda amene munthu ali nawo kale ndiponso ngozi za pansi pa madzi.

Za mapepala ndidutsa mwachangu. Mmalawi safuna viza pa ulendo wa masiku osapitirira 30 ku South Africa, koma aliyense, ngakhale mwana, akhale ndi pasipoti yake yokhala ndi miyezi 6 isanathe ndiponso masamba opanda chidindo. Tengani zikalata za kubadwa za ana, tikiti yobwerera ndi umboni wa kumene mukagone, poti pa chipata akhoza kufunsa zimenezi, ndipo musapitirire ngakhale tsiku limodzi pa masiku amene akudindirani, chifukwa chilango chake ndi kuletsedwa kulowanso. Mwina mukukumbukira za nkhanza zimene anthu ochokera m'mayiko ena anachitiridwa ku Durban mu 2015. Madera okopa alendo amene ndatchulawa ali kutali ndi kumene zoterezi zimabukira, komabe mumvetsere nkhani mlungu wonyamukira, musayende usiku, ndipo musasiye katundu poonekera m'galimoto.

Chimene chingakuvuteni kwenikweni ndi ndalama zakunja. Mukudziwa kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso kuti randi ndi dola sizipezeka tsiku limene munthu wazifuna. Pitani ku banki yanu miyezi itatu ulendo usanafike, mufunse malire a khadi lanu kunja ndi mapepala amene akufuna kuti akugulitseni randi, ndipo dziwani kuti obwereketsa galimoto amatsekereza ndalama ya chikole pa khadi la woyendetsa. Tikiti ya ndege mukhoza kulipira mu kwacha kuno. Malo ogona musawalipire kwa munthu amene mwangomupeza pa Facebook, mulipire kwa eni malowo kapena kudzera ku kampani ya maulendo yolembetsedwa, ndipo mulandire lisiti.

Mwezi uno chitani zinthu zitatu izi motsatana: onani masiku a mapasipoti onse anayi, ndipo ngati ina yatha kapena palibe mupite ku ofesi ya Immigration ya muno mu Mzuzu osachedwa, tengani mnyamata ndi bambo kwa dokotala, kenaka sankhani Loweruka limodzi la ku Kazuni. Dokotala akakupatsani yankho la mapapo a mnyamatayo mundilemberenso, chifukwa yankho limenelo ndi limene litiuze ngati masiku atatu omaliza mukagone ku Sodwana Bay kapena mukhalebe ku St Lucia.